Tenisi ya Awiriawiri

Chimanga chikalowa m'nkhokwe, m'midzi ya m'mapiri a ku Dowa ndi ku Ntchisi mumamveka kulira kwa mitondo. Zigayo zachuluka masiku ano, komabe mitondo sinatheretu. Kawirikawiri pa mtondo umodzi pamaima atsikana awiri, aliyense ndi musi wake, kukonola chimanga. Musi wina ukamakwera, unzake umakhala ukutsika. Palibe amene amawawerengera kapena kuwaimbira wezulo, koma misi ija sigundana. Tsono wina akangofulumira pofuna kuonetsa kuti ali ndi mphamvu kuposa mnzake, misi imawombana, mphale imamwazikira pansi, ndipo zokondwa zimakhala nkhuku.

Kutali ndi midzi imeneyi kuli masewera ena amene amafuna nzeru yomweyi ya pa mtondo. Dzina lake ndi tenisi. Amaseweredwa pa bwalo losalazidwa bwino la mamita pafupifupi 24 m'litali. Pakati pa bwalolo amamangapo ukonde wolekeza m'chiuno mwa munthu wamkulu. Osewera amaima uku ndi uku, aliyense atagwira chomenyera chotchedwa raketi, ndipo amamenyerana mpira waung'ono modutsitsa pamwamba pa ukondewo. Mpirawo umaloledwa kugunda pansi kamodzi kokha. Amene walephera kuubweza usanagunde kachiwiri, kapena waukoletsa mu ukonde, kapena waumenyera kunja kwa mizere, wapatsa a mbali inayo pointi.

Masewerawa, monga aliri lero, anayambira ku England. Mpikisano wake wakale koposa ndi wa ku Wimbledon, mu mzinda wa London, umene unayamba m'chaka cha 1877. Poyamba kumeneko ankapikisana mmodzimmodzi, koma mu 1884 anawonjezapo mpikisano wa amuna awiriawiri. Kuno ku Malawi mabwalo a tenisi amapezeka m'mizinda monga Lilongwe ndi Blantyre, ndiponso pa sukulu zina monga Kamuzu Academy ku Mtunthama, m'boma la Kasungu, limene linachita malire ndi Ntchisi.

Anthu ambiri amaganiza kuti pofuna kupambana pa tenisi ya awiriawiri n'kokwanira kutenga akatswiri awiri n'kuwaimika mbali imodzi. Maganizo amenewa ndi olakwika. Kawirikawiri awiri omvana, ngakhale aliyense payekha asakhale woopsa kwenikweni, amagonjetsa awiri amphamvu amene aliyense akusewera zake. Kodi zimenezi zimatheka bwanji?

Yankho loyamba lili m'kukula kwa bwalo lenilenilo. Munthu akamasewera yekha amalondera malo a mamita 8 ndi pang'ono m'lifupi. Posewera awiriawiri bwalo limakula, koma pang'ono chabe. Limafika mamita 11 m'lifupi, ndipo m'litali silisintha. Ndiye kuti alonda awonjezeka kawiri pamene malo awonjezeka ndi mamita osakwana 3. Wamphamvu uja amene anazolowera kumenyera mpira kutali ndi wopikisana naye amapeza kuti kumene wamenyerako kwaima kale munthu wina. Choncho pa tenisi ya awiriawiri mpata wodutsitsira mpira suoneka wokha. Umachita kupangidwa, ndipo oupanga ndi anthu awiri.

Amaupanga chonchi. Mmodzi amaima kumbuyo kwa bwalo kuti ayambitse mpira, mnzake amaima pafupi ndi ukonde. Woyambitsayo amalunjikitsa mpira pamalo povuta, kuti woulandira aubweze mofooka. Mpira wofookawo ukamadutsa pa ukonde, uja waima kutsogolo amaudumphira usanagunde pansi n'kuumenyera pamene palibe munthu. Oonerera amaombera m'manja wa kutsogoloyo, monga amachitira ndi wogoletsa pa mpira wa miyendo. Komatu pointi imeneyi inayamba kuphikidwa kumbuyo kuja. Wa kutsogolo wangopakula.

Pachifukwa chimenechi woyambitsa mpira wanzeru amaganiza za mnzake asanakweze dzanja. Malamulo amamupatsa mwayi woyesa kawiri. Wokonda kutamandidwa amathera mphamvu zake zonse pa mpira woyamba, ndipo nthawi zambiri mpirawo umakodwa mu ukonde. Tsono pa wachiwiri, poopa kulakwitsanso, amangoukankha pang'onopang'ono. A mbali inayo amaulandira mokondwa n'kuumenya mwaukali, ndipo amene amasanduka chandamale ndi mnzake uja waima pafupi ndi ukonde, amene sanalakwe kanthu. N'kwabwino kuchepetsako mphamvu kuti mpira woyamba uzilowa kawirikawiri. Nayenso wolandira mpira ali ndi nzeru yake. Amaubweza mopingasa, kubwerera kwa amene wauyambitsa, kuti ulambalale mlonda wa pa ukonde.

Mpira ukayamba kuyenda, awiriwo sayenera kuima ngati mitengo. Alimi a ku Mponela ndi ku Madisi amene amatuta chimanga ndi fodya pa ngolo amadziwa zimene zimachitika ng'ombe ziwiri za pa goli limodzi zikasiyana mayendedwe. Imodzi ikatsogola inzake n'kutsalira, ngolo imakhota n'kulowa m'ngalande. Ophunzitsa tenisi amauza ophunzira awo kuti aziyerekeza kuti amangidwa chingwe chimodzi m'chiuno. Wina akathamangira kumanja kukatsata mpira, mnzake asendere kumanja komweko kuti atseke malo amene atsala pakati pawo. Wina akasendera kutsogolo, mnzake amutsate. Awiri amene afika onse pafupi ndi ukonde ali ngati mpanda, ndipo n'kovuta kuwadutsa.

Koma mayeso enieni a anthu awiri ndiwo mpira wodzera pakati. Osewera ochenjera amakonda kuumenyera pamenepo, ndipo ali ndi zifukwa ziwiri. Choyamba n'chakuti ukonde ndi waufupi pakati. Pamenepo ndi wa masentimita 91, pamene kumapeto, ku mizati, ndi wa masentimita 107. Chachiwiri, chimene chili chachikulu, n'chakuti mpira wa pakati ulibe mwini wake. Nthawi zina onse awiri amauthamangira, maraketi n'kuwombana ngati misi ija. Nthawi zina aliyense amati mnzake aumenya, mpira n'kudutsa pakati pawo mwaufulu, iwo n'kutsala akuyang'anana.

Vuto limeneli limathetsedwa masewera asanayambe. Awiriwo ayenera kupangana kuti mpira wa pakati udzakhala wa yani. Ambiri amapangana kuti ukhale wa amene wamudzera ku mbali ya dzanja lake lomenyera, kapena wa amene ali pafupi ndi ukonde. Pangano lililonse ndi labwino, malinga onse awiri akulidziwa. Ndipo pamene pali chikayiko, pakamwa pagwire ntchito msanga. "Wanga!" "Wako!" Wina akaona kuti mpira ukupita kunja kwa mzere, afuule kuti, "Usiye!" Mawu amenewa ayenera kutuluka mpira ukadali m'mwamba. Kunena kuti "unali wako" mpira utadutsa kale ndi chiyambi cha mkangano chabe.

Apa ana ambiri oleredwa bwino amavutika. Kunyumba anaphunzira kuti mwana waulemu safuula ndiponso salimbirana zinthu, ndipo chiphunzitso chimenecho n'chabwino. Kusiyirana kumakoma pa mbale ya ndiwo pamene nthuli yatsala imodzi. Koma pa bwalo la masewera, mwana amene wasiya mpira chifukwa cha manyazi wagwetsa mnzake m'mavuto. Kumeneko ulemu ndiwo kunena msanga ndiponso momveka, kuti mnzakeyo adziwe chochita.

Akatswiri ali ndi njira zinanso zolankhulirana. Wa pa ukonde amaika dzanja kumbuyo, kumene a mbali inayo sakuona. Akafumbata chibakera ndiye kuti akhala pomwepo. Akatambasula chikhatho ndiye kuti adumphira mbali inayo, ndipo woyambitsa mpira ayenera kuthamangira kumene kwasiyidwako. Chimodzimodzinso mpira ukaponyedwa m'mwamba kupitirira wa kutsogolo. Wa kumbuyo amauthamangira akufuula kuti, "Sintha!" ndipo awiriwo amasinthana mbali.

Zonsezi munthu angathe kuziphunzira m'milungu yowerengeka. Chovuta koposa n'china, ndipo sichili m'manja kapena m'miyendo. Pa anthu awiri alionse, wina amakhala wodziwa kuposa mnzake. A mbali inayo sachedwa kuzindikira wofookayo, ndipo mipira yambiri amaimenyera kwa iye. Kutero si nkhanza ayi, ndi nzeru ya masewera. Funso n'lakuti wodziwa uja achite chiyani.

Ambiri amayamba kuthamanga bwalo lonse, kulanda mipira ya mnzawo. Akatero mbali yawo imatsala yopanda mlonda, ndipo a mbali inayo amangomenyera kumeneko. Ena salanda mipira, koma mnzawo akalakwitsa amatsonya, amakwinya nkhope, kapena amaponya raketi pansi. Mwana amene watsonyedwa dzanja lake limayamba kunjenjemera. Mpira wotsatira amaumenya akuganiza za nkhope ya mnzake, ndipo amalakwitsanso. Pamenepo amakhala akulimbana ndi anthu atatu, awiri kutsidya kwa ukonde ndi mmodzi pambali pake. Nawonso a mbali inayo amaona zimenezi, ndipo mitima yawo imalimba. Wotsonya uja pobwerera kwawo amauza anthu kuti wagonja chifukwa cha mnzake, osadziwa kuti theka la kugonjako walipanga yekha.

Amene anaonerapo akatswiri a tenisi ya awiriawiri pa kanema anaona kuti pointi ikatha amayandikirana n'kugundanitsa manja, kaya aipeza kaya aitaya. Kenaka amanong'onezana mawu awiri kapena atatu, atabisa pakamwa kuti a mbali inayo asadziwe. Iwo sakambirana za mpira umene wapita. Amapangana za umene ukubwera. Wodziwa amathandiza wofooka pomupatsa ntchito imodzi yomveka, monga kumuuza kuti, "Iwe ungoubweza mopingasa, ine ndidikira pa ukonde." Mwana amene wapatsidwa ntchito yotere amasewera bwino kuposa mmene amasewerera masiku onse, pakuti wadziwa kuti mnzake akumudalira.

Umboni wa zimenezi suli kutali. Ku Zimbabwe kunali bambo wina dzina lake Don Black, amene pa unyamata wake anasewerapo ku Wimbledon. Bamboyu anakonza mabwalo a udzu pakhomo pake ku Harare, ndipo anaphunzitsa tenisi ana ake atatu, Byron, Wayne ndi mlongo wawo Cara. Pa dziko lonse pali zikho zinayi zazikulu za tenisi: cha ku Melbourne, cha ku Paris, cha ku Wimbledon ndi cha ku New York. Anawa sanali anthu ataliatali monga aliri akatswiri ambiri, ndipo pa mipikisano ya akuluakulu palibe mmodzi mwa iwo amene anatengapo chimodzi mwa zikho zinayizi akusewera yekha. Koma posewera awiriawiri, atatu onsewa anazitenga.

Byron anatenga chikho cha ku Paris mu 1994 pamodzi ndi Jonathan Stark wa ku America. Wayne, pamodzi ndi Kevin Ullyett wa ku Zimbabwe komweko, anatenga cha ku New York mu 2001 ndi cha ku Melbourne mu 2005. Cara ndiye anaposa onse. Anatenga zikho zazikulu 10, zisanu akusewera ndi mkazi mnzake, zisanu akusewera ndi mwamuna, ndipo kwa nthawi yaitali anali woyamba pa dziko lonse pa tenisi ya akazi awiriawiri.

Zikho ziwiri mwa zimenezi Cara anazitenga pamodzi ndi mlongo wake Wayne, cha ku Paris mu 2002 ndi cha ku Wimbledon mu 2004. Pa masewera omaliza a mu 2004 anakumana ndi Todd Woodbridge ndi Alicia Molik a ku Australia. Chigawo choyamba anagonja. M'chigawo chachiwiri zinthu zinafika poipa, kotero kuti kangapo konse panangotsala pointi imodzi yokha kuti chikho chipite ku Australia. Pa nthawi yotere munthu ndi mlongo wake akhoza kuyamba kulozana zala mosavuta, pakuti palibe amene amadziwa zofooka za munthu kuposa wobadwa naye. Iwo anapitiriza kusewera pointi imodziimodzi mpaka anatenga chigawo chachiwiricho, kenaka n'kutenganso chachitatu.

Wina angafunse kuti, kodi ndiye kuti luso la munthu payekha lilibe ntchito? Lili nayo ndithu. Awiri okondana kwambiri amene satha kudutsitsa mpira pa ukonde adzagonja, ngakhale agundanitse manja tsiku lonse. Aliyense ayenera kudziphunzitsa payekha, kumenyetsa mpira ku khoma mpaka dzanja lizolowere, monganso mtsikana amayamba waphunzira kugwira musi payekha asanaime pa mtondo ndi mnzake. Kumvana kumagwira ntchito pamene aliyense wabwera ndi kanthu.

Palinso ena amene amanyoza tenisi ya awiriawiri kuti ndi ya anthu olephera kusewera okha. Amenewa aiwala za Venus ndi Serena Williams a ku America, munthu ndi mng'ono wake. Aliyense wa iwo anakhalapo woyamba pa dziko lonse akusewera yekha. Komabe ankasewera pamodzi, ndipo pa zikho zazikulu zija anafika pa masewera omaliza ka 14, n'kupambana ka 14 komweko. Anatenganso mendulo za golide ku masewera a Olimpiki mu 2000, mu 2008 ndi mu 2012. Amapasa ena a ku America komweko, Bob ndi Mike Bryan, anatenga zikho zazikulu 16 akusewera pamodzi. Bob ankamenya ndi dzanja lamanzere, Mike ndi lamanja, ndipo kusiyana kumeneku kunkasokoneza opikisana nawo. Mwana wamanzere, amene nthawi zina anzake amamuseka, pa masewera awa ndi wofunika kwambiri.

Kutsutsa kwamphamvu koposa n'kwakuti tenisi ndi masewera a anthu olemera, ndipo alibe malo pa sukulu ya kumudzi ku Chinthembwe kapena ku Mvera. N'zoona kuti raketi ndi yodula. N'zoonanso kuti m'mapiri malo athyathyathya ndi osowa. Komabe sukulu zambiri zili kale ndi bwalo la ntchemberembaye, ndipo bwalo limenelo, likakhala la muyezo wake, limapitirira mamita 30 m'litali ndi mamita 15 m'lifupi. Mizere ya tenisi ikhoza kukwana m'kati mwake, malo n'kutsalako. Mizereyo ingalembedwe ndi phulusa. Chingwe chomangidwa pa nsichi ziwiri, chopachikidwapo matumba akale, chingakhale ukonde. Kalipentala wa m'mudzi angathe kusema zomenyera zinayi kuchokera ku thabwa limodzi. Zomenyera zathabwa sizitumiza mpira patali ngati raketi, choncho ana aang'ono angayambe ndi bwalo lochepa. Nyengo yabwino ndi ya chilimwe, pamene nthaka yauma gwa ndipo mpira umadumpha bwino.

Pa sukulu ya ana ambiri, tenisi ya awiriawiri ili ndi ubwino wina woonekeratu: mpira umodzi umaseweretsa ana anayi m'malo mwa awiri. Ndipo anawa sayamba opanda kanthu. Atsikana osewera fulayi amadziwa kale kuti oponya mpira awiri aja, wina uku wina uko, sangamugende wa pakati ngati aliyense akuponya pa nthawi yake osayang'ana mnzake.

Aphunzitsi angathandize kwambiri pa kasankhidwe ka magulu. Ana akasiyidwa kuti asankhane okha, odziwa amathamangirana, ndipo otsala amasanduka oonerera. N'kwanzeru kusintha magulu kawirikawiri, lero mnyamata ndi mtsikana, mawa wamkulu ndi wamng'ono, kuti aliyense alawe kukhala wodziwa pa gulu lina ndi kukhala wofooka pa gulu lina. Poyamikira, aphunzitsi atchule mayina onse awiri. Ndipo popeza malamulo amafuna kuti onse anayi aziyambitsa mpira mosinthana, palibe mwana amene angabisale kumbuyo kwa mnzake mpaka masewera kutha.

Pa sukulu ya paphiri mpira udzathawa ndithu. Mphepo ya mwera ikauomba, kapena wina akaumenya mopitiriza, udzadutsa pa mzere n'kugubuduka kutsetsereka mpaka kumunda wa eni ake. Lamulo labwino n'lakuti okautola akhale awiri amene ataya pointiyo, ndipo apite onse pamodzi. Njira yotsika ndi yokwera ndi yotalika mokwanira kuti apangane za mwini wake wa mpira wa pakati wotsatira.